Mbande za pa Chigwembe cha a Maluwa

A Japhet Namakhwa mutakumana nawo pa msika wa Lirangwe simungawaganizire kuti ndi munthu woti n'kuputa mlandu. Ndi aafupi, olankhula motsitsa, ndipo zala zawo zimakhala zotuwa ndi choko ngakhale Loweruka. Amaphunzitsa Sitandade 6 pa sukulu ina ya pulayimale yomwe ili kuseri kwa msikawo, ukadutsa chigayo n'kutsetsereka pang'ono. Koma chaka chathachi munthu wofatsa yemweyu anatsala pang'ono kuzulitsa mbande zonse zimene ana a m'kalasi mwawo anazilera chilimwe chonse, ndipo cholakwa chinali chawo, osati cha ana.

Anabadwira ku Chileka, m'mudzi woyandikana ndi bwalo la ndege, kumene nkhuku zinasiya kalekale kuthawa ndege ikamatera. Bambo awo, a Yobu, ankanyamula katundu wa apaulendo pabwalopo. Moyo wawo wonse anakweza masutikesi opita ku Joni ndi kwina kutali, koma iwo eni ake kutali kumene anafika ndi ku Mwanza. Amayi awo ankalima munda wa makolo awo, Alomwe amene anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki n'kuyamba avutika ndi thangata asanapeze pokhazikika. Pakhomo pamenepo Japhet wamng'ono anaphunzira msanga kuti munda ndi wa akazi. Bambo ake ankagula feteleza, ankalima, ankakolola, koma nkhani ya malire ikangobuka ankanyamula wailesi yawo n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe.

Atamaliza maphunziro a uphunzitsi anawatumiza ku Lirangwe. Kumeneko anakumana ndi a Nellie, telala wosokera pakhonde la sitolo, amene anawafupikitsira buluku lawo loyamba la ku ntchito n'kuwauza mosabisa kuti amene anawagulira sankawafunira zabwino. Mapeto ake anakwatirana, a Japhet n'kulowa chikamwini kwawo kwa mkazi. Ndipo ndi mkamwini wabwino, zimenezo palibe angatsutse. Kumaliro amafika m'mawa, kumanda amagwira khasu, pa zokambirana za mbumba amakhala kumbuyo. Zoti mkamwini asamakule mwendo anazidziwa asanamere ndevu.

Chimene chinkawasowetsa mtendere chinali ku sukulu. Ana ankaloweza m'Chingelezi kuti nzika yabwino imatenga nawo mbali pa chitukuko cha m'dera lake, ankalemba zimenezo pa mayeso n'kukhoza, kenako n'kutuluka kukataya makoko a nzimbe pakhomo pa kalasi. A Japhet zinkawawawa. Ankati kumeneko n'kuphunzitsa mwana kusambira ali pamkeka.

Ndiye anayambitsa chimene anachitcha bwalo la kalasi. Lachisanu lililonse, belu lotsiriza lisanalire, iwo ankachoka kutsogolo n'kukakhala pansi kumbuyo, ana n'kumakambirana okha zimene zikuwavuta. Wapampando ankasankhidwa ndi voti yachinsinsi: mwana aliyense ankalowa yekha kuseri kwa chitseko n'kuponya chitsekerero cha botolo m'chitini cha amene wamufuna. Chaka chathachi anapambana Princess, kamtsikana kowonda koma ka pakamwa pakuthwa, chifukwa analonjeza kuti anyamata nawonso azisesa. Atsikana m'kalasimo analipo ambiri, ndipo anyamata anaphunzira tsiku lomwelo kuti chisankho si mpira woti wamphamvu ndiye amagoletsa.

Bwaloli linachita zinthu ndithu. Ana analambula pa mjigo n'kukonza ngalande yotayira madzi. Anapita okha kwa amayi ophika phala kukafunsa chifukwa chake phala limachedwa, ndipo atamva kuti vuto ndi nkhuni anagwirizana kuti aliyense azibwera ndi chikuni chimodzi Lolemba. Makolo ena ankaseka kuti aphunzitsiwa akupanga Nyumba ya Malamulo ya ana osavala nsapato. A Japhet ankangomwetulira, koma mumtima ankanyada kwabasi.

Kenako ana anatchula chigwembe. Njira yochokera m'midzi ya kumtunda imadutsa pakati pa chigwembe ndi munda wa a Maluwa, ndipo chichitikireni mvula ya namondwe ija chigwembecho chakhala chikudya njirayo chaka ndi chaka. Panatsala kanjira kongokwana phazi. Dzinja likafika ana a Sitandade 1 ambiri ankangokhala kunyumba, ena n'kumabwera ataberekedwa ndi akulu awo, nawonso akunjenjemera. Bwalo linatuma nthumwi kwa mlangizi wa zaulimi, amene anawauza kuti abzale nsungwi ndi mthethe m'mphepete, n'kuika udzu wa vetiva mkati mwake kuti ugwire dothi.

Ntchito ya nazale ana anaigwira ndi mtima wonse. Machubu ogula analibe, ndiye anatolera mapepala a shuga m'makomo, kuwaboola pansi, kuthiramo dothi la pansi pa mitengo. Ankathirira m'mawa asanalowe m'kalasi, dzuwa la Okutobala likuphika munthu wamoyo. Mbuzi zitalowa n'kudya mzere wathunthu, anyamata anakadula minga n'kutchinga popanda wowatuma. Ena mpaka anazipatsa mbandezo mayina.

Panatsala chinthu chimodzi, chimene ana sakanatha okha: kupempha malo. M'mphepete mwa chigwembe monse, kumene mbandezo zinayenera kukhala, ndi m'munda mwa a Maluwa. A Maluwa ndiwo mayi wamkulu wa mbumba yawo, mzimayi wa zaka za m'ma fifite, wogulitsa tomato pa msika, amene wogula akanena mtengo wachipongwe amayankhidwa mpaka amve a mzere wa usipa. A Japhet ankawaopa, tinene zoona. Komanso nthawi imeneyo a Maluwawo anali ku Mdeka, kumene mwana wawo anali atangochira kumene, ndipo palibe ankadziwa tsiku limene abwerere.

Tsiku lina a Japhet anakwera kabaza wa njinga yamoto kuchokera kumsewu, ndipo woyendetsa anali a Ezra, amuna awo a a Maluwa. Mphepo ikuwomba, munthu akuyang'ana kutsogolo, nkhani yovuta imapepuka. A Japhet anaifotokoza ali kumbuyo kwa phewa.

"Aaa, aphunzitsi, zimenezo n'zofunsanso?" anakuwa a Ezra. "Bzalani basi! Munda ndi wanga umene uja, palibe vuto olo pang'ono."

Apa ndiye pamene panali cholakwa. A Ezra ndi mkamwini ngati iwo omwe, anachokera ku Lunzu ndi chikwama chimodzi. A Japhet ankadziwa, a Ezra ankadziwa, ndipo aliyense ankadziwa kuti mnzake akudziwa. Koma ndi mwamuna uti, atanyamula mphunzitsi pa njinga yake, anganene kuti dikirani ndikafunse kunyumba? Ndipo a Japhet, amene ankafuna yankho limenelo, analilandira ndi manja awiri osaliyang'ana kunsi.

Atalengeza m'kalasi kuti malo apezeka, Princess anakweza dzanja. Iye ndi mwana wa mng'ono wawo wa a Maluwa, amakhala pakhomo limodzi.

"Sala, amayi aakulu mwalankhula nawo?"

"Ndalankhula ndi bambo Ezra, zonse zili bwino."

Mtsikanayo anawayang'ana kanthawi, kenako anatsitsa dzanja. Mwana sangatsutse mphunzitsi kawiri.

Mvula yoyamba itanyowetsa nthaka, kalasi yonse inatsetsereka ndi makasu, mbande zili m'mabeseni pamutu. Anabzala akuimba, anabzala akukangana za mzere wokhota, ndipo anthu odutsa ankaima n'kuwayamika. A Japhet anabwerera kunyumba matope mpaka m'mawondo, mtima uli mbee.

Sabata isanathe a Maluwa anatsika minibasi. Sanapite ku sukulu, sanapite kwa a Japhet. Anapita pakhonde la sitolo pamene a Nellie ankasoka, n'kuima patsogolo pa makina.

"A Nellie, tandiuzani. Amuna anuwa pobwera kuchokera ku Chileka ananyamula munda m'chikwama?"

Kwa munthu wa m'tauni mkwiyo umenewu ungaoneke wopitirira. Koma kuno mtengo si chimanga choti ukolola n'kuiwala. Amene wabzala mtengo ndiye mwini wake, ndipo mwini mtengo, pakapita zaka, amayamba kuloza ndi chala kuti malire ndi apa. A Maluwa zimenezi sanazimve m'maluwa ayi, anaziona ndi maso. Amayi awo analola anthu ena opemphera kubzala bulugamu pakona pa munda kuti azipeza mthunzi, ndipo lero pamalopo pali mpanda wa njerwa. Ndiye abwerere ku Mdeka n'kupeza mzere wa mitengo m'munda mwawo, wobzalidwa ndi sukulu ya boma, motsogozedwa ndi mkamwini wa eni, mwa chilolezo cha mkamwini wina! Akanaseka bwanji?

A Nellie anafika kunyumba dzuwa likadalipo, tepi yoyezera ikadali m'khosi.

"Bambo a Isaki, inuyo ndi mutu wanu wonsewo, mukafunse munda kwa a Ezra? A Ezra amene ngakhale nkhuku ya pakhomo paja sagwira osapempha?"

"Mvula inali itayamba, mayi. Eni ake kunalibe."

"Ku Mdeka ndi ku Ulaya? Foni alibe? Mumangowaopa basi, nenani. Nyumba ya mwini saotchera mbewa, inu mwakaotcheramo ndi ana a sukulu omwe."

Zonse zimene ananena a Nellie zinali zoona. M'mawa mwake anapita onse awiri kukapepesa. A Maluwa anawayalira mkeka, anawalonjera bwinobwino, anamvetsera mpaka kumapeto akusankha tomato. A Ezra anali atalawirira ku siteji ya kabaza tambala asanalire kachiwiri.

"Ndamva, aphunzitsi," anatero a Maluwa. "Kupepesa ndalandira. Koma mtengo wobzala wina m'munda mwa amayi anga sugonamo. Lachisanu mubwere ndi ana anuwo mudzazule nokha. Mukapanda kubwera ndizula ine, ndipo ine sindizula mosamala."

Masiku otsatirawo a Japhet anayenda ngati munthu wodwala malungo. Za manyazi awo sankadandaula kwambiri, mkamwini manyazi amawazolowera. Chimene chinkawadya ndi ana. Chilimwe chonse anawauza kuti munthu akaona chinthu chawonongeka pamene akukhala asadikire boma, adzuke akonze. Tsopano ana omwewo akazule ndi manja awo zimene anazilera, ndipo phunziro limene akatenge n'lakuti wodzipereka amathera kukalipidwa. Phunziro lotero likalowa mwa mwana silitulukanso.

Anaganiza zonamizira mvula, kapena kunena kuti mlangizi wasintha maganizo. Koma Lachinayi anaima patsogolo pa kalasi n'kunena momwe zinalili: kuti anapempha malo kwa munthu amene sanali mwini wake, kuti ankadziwa, ndipo kuti Princess anawachenjeza iwo osamva. Princess anali atazolika, chifukwa kunyumba naye anali atalandira zake.

Frazer, mnyamata wamkulu pa onse, amene anadula minga yambiri ija, anafunsa osakweza n'dzanja lomwe.

"Ndiye Sala, zachitukukozi zimathera pomwepa? Tinangovutika ulele?"

"Sindikudziwa, Frazer," anayankha a Japhet. "Chimene ndikudziwa n'chakuti munda ndi wa eni, ndipo eni ake anena. Mawa tipita, tikapereka moni mwaulemu, tikazula bwinobwino osaswa dothi la kumizu. Mwina tidzapeza pena."

Koma pena panalibe, ndipo ana ankadziwa. Chigwembe chinali pamenepo basi.

Lachisanu kunacha kwa mitambo. Ana anatsetsereka ndi mabeseni opanda kanthu, popanda woimba. Pofika anapeza a Maluwa ali kale pamalopo, osati okha: anabwera ndi ang'ono awo onse, ndi ana awo aakazi, aliyense khasu paphewa, zitenje zomangidwa m'chiuno ngati opita kukagwira ganyu. A Japhet ataona makasuwo anaganiza kuti amayiwa atopa kudikira, abwera kudzatema. Cha patali, pansi pa mtengo wa mango, a Ezra anali ataima pafupi ndi njinga yawo akupukuta galasi lomwe linali loyera kale.

Ana anagwada n'kupereka moni. Princess, monga wapampando, anayamba kulankhula mawu amene bwalo linamutuma, koma anangofika pa "Amayi aakulu, ife ana a Sitandade 6" n'kulekera pomwepo.

"Basi, ndamva," anatero a Maluwa. "Ndikufunseni inu ana a sukulu. Mtengo mwini wake ndani?"

Anayang'anana. Kenako wina kumbuyo anayankha motsitsa kuti ndi amene wabzala.

"Eya. Ndiye zulani. Yamba iwe wamtaliwe."

Frazer anagwada pa mbande yoyamba. Khasu analisiya pambali, anakumba ndi zala mozungulira, pang'onopang'ono, mpaka kansungwiko kanatuluka ndi dothi lake lonse. Anakanyamula ndi manja awiri n'kutembenuka kuti akaike m'beseni.

"Ukupita nako kuti? Bweretsa kuno."

A Maluwa analandira mbandeyo. Anaiyang'ana uku ndi uku ngati tomato wa pa msika, kenako anapinda chitenje, anagwada pa dzenje lomwe lija, anaibwezeramo, anakokera dothi ndi manja n'kupondereza ndi chidendene. Atadzuka anasasa m'manja.

"Uwu ndabzala ine, Maluwa, m'munda mwa amayi anga, nonse mukuona. Winayo, zula wachiwiri. Ida mng'ono wanga, tenga iwe umenewo. Fulumirani, mvula ikubwera iyi."

Panapita kanthawi ana asanamvetse. Woyamba kumvetsa anali Frazer, amene anangoti "Aaa!" n'kuyamba kuseka, misozi ili m'maso. Kenako phokoso linabuka ngati goli yalowa. Ana anamwazikana mzere wonse, aliyense pa mbande yake, kuzula n'kupereka, amayi n'kumabwezera momwemo. Makasu aja anali okuzira maenje, chifukwa a Maluwa anati ena anali osaya ngati okumba nkhuku. Anawonjezanso kuti vetiva afike mpaka kumunsi, poti chigwembecho chaka chatha chinawadyera mizere ya chimanga, ndipo iwo si chitsiru choti n'kukana mankhwala chifukwa wabweretsa alibe mwambo.

Kaya maganizo amenewa anali nawo kuyambira tsiku la pamkeka lija n'kungofuna kuti aphunzitsi ayambe aonda, kaya anawapeza ataima okha m'mphepete mwa chigwembe, palibe akudziwa. A Nellie akafunsidwa amangoti iwo ndi telala, za eni sazidziwa, koma amanena akumwetulira.

A Japhet anakhala pansi pa mzere, pamatope pomwepo, ndi buluku la ku ntchito. Mtima unatsika mpaka anamva njala, poti chakudya anali asanachimve kukoma chiyambire Lolemba. Atafuna kudzuka kuti athandize kukwirira, a Maluwa anawaletsa ndi dzanja.

"Inu ayi, aphunzitsi, mbande musagwire. Inu ndi anzanu ali apowo tengani ndowa mukatunge madzi. Bambo a Mabvuto! Galasilo layera, bwerani kuno!"

Choncho amuna awiri aja anatsika ndi kukwera njira ya ku mjigo, ndowa m'manja, ana akuseka mobisa. Ali m'njira a Ezra anang'ung'udza kuti iwo ankatanthauza kuti mundawo ndi wawo polima, ndipo a Japhet anawayankha kuti nawonso anamva choncho. Sanaionjezere nkhaniyo.

Pobwera ulendo womaliza anapeza patsala mbande imodzi, kumapeto kwenikweni kumene njira inadyeka kwambiri. Princess anaizula n'kuipereka kwa amayi ake aakulu atagwada. A Maluwa sanailandire.

"Iwe ukundipatsa ine chifukwa chiyani? Ndiwe mlendo pano? Munda uno ndi wa anganga ako, mawa ndi wako. Bzala wekha, udzawauze ana ako kuti unali wapampando."

Princess anayang'ana a Japhet, ngati kuti akufunsa ngati n'zololedwa. Iwo anagwedeza mutu kuvomera. Mtsikanayo anagwada, anaika kamtengoko m'dzenje, anakwirira ndi manja onse awiri n'kupondereza ndi chidendene monga anaonera. Aphunzitsi ake anadikira mpaka atachotsa phazi, kenako anapendeka ndowa n'kuthira madzi pang'onopang'ono kuti dothi lisakokoloke.